Kapini Kamene Kanatsala M'chitini

Chemwali anga sakwera njinga yamoto asanagwade. Wakabaza akaima n'kunena kuti, "Kwerani amayi, tizipita," iwo amayamba atula kaye dengu, n'kuzungulira kumbuyo kwa njingayo cha kudzanja lamanja, n'kugwada pafumbi ngati akupereka moni kwa apongozi. Amasuzumira kunsi kwa ekizozi, pafupi ndi habu ya tayala lakumbuyo, kufunafuna kanati kamodzi ndi kapini kopinda kamene kamayenera kukhala kumapeto kwake. Akakaona, amakwera. Akapanda kukaona, amasenzanso dengu lawo n'kumapita wapansi, ngakhale dzuwa litakhala paliwombo. Anyamata ena pa siteji amawaseka, ena amakwiya, ati mayiyu akunyoza njinga zawo. Ine sindiseka, chifukwa chimene chinawaphunzitsa kugwadako ndinachiona ndi maso anga.

Kuti mumvetse chifukwa chimene njinga yamoto tinailandirira ndi manja awiri kuno ku Milange, mukumbukire kumene tachokera. Mu 1986, nkhondo itafika pa vila, tauni yathuyi, ambiri a ife tinawoloka ku Muloza wapansi, katundu pamutu, ana kumsana, kukakhala othawa nkhondo m'boma la Mulanje. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tinayamba kubwerera, n'kupeza minda ya tiyi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine itasanduka tchire, mafakitale ali mabwinja, misewu itamera udzu. Zaka zotsatirazo chuma chathu chinayenda pa njinga yakapalasa. Amene anaona mzere wa njinga zitasenza matumba a chimanga awiriawiri, atatuatatu, zikulunjika ku chipata cha Muloza ndi ku msika wa Limbuli, sangaiwale thukuta limene linali pamenepo. Kenaka nandolo anakwera mtengo. Ku India amamufuna kwambiri, moti mu Julaye 2016 nduna yaikulu ya dzikolo, Narendra Modi, itabwera ku Maputo, maiko awiriwa anasainirana pangano la malonda a nandolo. Mtengowo unadzagwa mu 2017, alimi n'kulira, koma pa zaka zabwinozo ndalama ya nandolo inali itasanduka kale malata ndi njinga zamoto.

Msewu wa ku Mocuba tsopano ndi wa phula, womangidwa ndi thandizo la European Union, koma ukangopatuka kulowera ku Mongue, ku Majaua kapena ku Molumbo, ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Namondwe Freddy, wa mu Malichi 2023, anaonjezeranso ngalande mbali zonse ziwiri za malire. Kumeneko galimoto imadutsa mwa apo ndi apo. Mayi wapakati akadwala usiku, chimene chimamufikitsa kuchipatala ndi mota, monga timaitchulira kuno. Mphunzitsi wokalandira malipiro, mlimi wokagula feteleza, uthenga wa maliro, zonse zimayenda pa matayala awiri. Masitolo a pa vila adzaza njinga zochokera ku China ndi ku India, ndipo maina monga Lifan, Lifo, Sanlg, King Lion ndi Boxer amawadziwa ngakhale mwana wa ku pulaimale. Abale athu a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo amawoloka kudzagula konkuno, n'kukayamba nazo kabaza kwawo. Mwana wa chemwali anga nayenso anagula yake, koma sindiitchula mtundu wake, chifukwa amene anaipanga sanalakwe kanthu. Sitolo imene anaigula nayonso sindiitchula. Si imodzi yokha imene imachita zimene ndikufuna kunenazi, ndipo nditaitchula, mungaganize kuti mukangoipewa imeneyo ndiye kuti mwapulumuka.

Mnyamatayu ndi wachisamba wa chemwali anga, ndipo monga mtsibweni wake, ndine amene ndinamuperekeza tsiku logula. Anali atalima nandolo ndi soya zaka zitatu, osagula ngakhale foni yabwino, ndalama akusungitsa kwa amayi ake. Ogula ambiri sadziwa kuti njinga zimenezi sizibwera zathunthu. Zimafika m'mabokosi, tayala lakutsogolo lili padera, mahandulo padera, madigadi, magalasi ndi batire padera, manati ndi mawashala ali m'kajumbo. Amene amazilumikiza ndi anyamata a kuseri kwa sitolo, pansi pa lona, ndi masipanala awiri atatu. Kumene malonda amenewa ali ndi dongosolo, wogulitsa amakhala ndi pepala la zinthu zoti aone njinga isanatuluke, chimodzichimodzi, n'kusainira dzina lake pansi. Ife tinangoona utoto wofiira ukuwala ndi pulasitiki ili pa chishalo. Mwini sitolo anatilandira bwino, anatipatsa helimeti imodzi ya basera, n'kunena kuti, "Ikayenda makilomita 500 mubwere nayo. Sevisi yoyamba ndi yaulere."

Mawu amenewo anatisangalatsa. Ndipo sevisi yoyambayo ndi yofunikadi: injini yatsopano imasiya tizitsulo tosaoneka ndi maso m'oyilo, masipoko amakhwepa, tcheni chimatalika. Kusapita nayo n'kulakwa. Mnyamatayu anapita.

Linali Loweruka, vila itadzaza anthu. Pakhomo pa sitolo panali ogula atatu ochokera ku Malawi, ndalama zili m'manja, akufulumiza kuti awoloke kusanade. Mmisiri wamkulu ndi anyamata odziwa ntchito onse anali pa mabokosi. Njinga ya sevisi yaulere anaipereka kwa mnyamata wophunzira ntchito, amene kuno timati ajudante, wa zaka ngati 15. Mwana wa chemwali anga anatchulanso kuti tayala lakumbuyo limaphwa pang'onopang'ono, amachita kupopa m'mawa uliwonse, ndiye amate chubu. Kuti chubu chituluke, anachotsa tayala lonse.

"Achimwene, musaime pamenepo, mukutitchinga," anatero mmodzi wa anyamata aja. "Kazungulireni kumsika, pobwera muipeza yatha."

Iye anapitadi. Pambuyo pake, ali chigonere m'chipatala, ndinamufunsa chifukwa chimene anachokera. Anati, "Atsibweni, zinali zaulere. Ndikanaima pamenepo n'kumayang'anitsitsa, akanati ndilibe ulemu." Yankho limeneli limandipwetekabe, chifukwa ulemu umenewo tinamuphunzitsa ndife. Mwana wakwathu amakula akudziwa kuti wamkulu safunsidwa kawiri, ndipo chopatsidwa sachitembenuza kuti aone kunsi kwake. Pa nkhani zambiri mwambo umenewu ndi wabwino, umasunga mudzi. Pa chitsulo chimene chikanyamule moyo wa munthu, umapha. Akuluakulu omwewo anatisiyiranso mawu akuti safunsa anadya phula, koma amenewo timawaiwala tikangoima pamaso pa munthu wa sitolo yaikulu.

Atabwerera anaipeza yotsukidwa, ikunyezimira. "Yatheka, pitani." Anathokoza, anapatsa mnyamata uja ya Fanta, n'kuliza injini. Panalibe pepala lililonse limene linalembedwa.

Patapita masiku atatu kunabwera uthenga wa maliro a cha ku Mongue. Anawakweza amayi ake m'mamawa. Helimeti inali imodzi, ndipo anawaveka iwo. Sankathamanga, palibe mwana amathamanga atanyamula mayi ake omubala pa msewu wokumbikakumbika. Pamtsetse wina wolowera ku kamlatho, mbuzi zinatulukira m'munda wa chinangwa. Anaponda buleki monga amachitira masiku onse. Akuti anangomva khwa! kumbuyo, chopondera chinamumenya phazi, tayala lakumbuyo linauma gwa, njinga n'kupingasa. Amayi ake anaponyedwa m'ngalande, n'kugwera phewa lamanja, mutu n'kumenya pa mwala. Helimeti inang'ambika, mutu unapulumuka. Iye njinga inamugwera pa mwendo n'kumukhwekhwereza, fupa la msongolo linathyoka pawiri n'kutulukira kunja.

Mundilole ndifotokoze chimene chinachitika pansi pa njingayo, chifukwa ambiri timaikwera osachidziwa. Njinga zambiri za mtundu umenewu zili ndi buleki yakumbuyo ya m'kati mwa habu. Mukaponda, kandodo kachitsulo kamakoka kamkono, kamkonoko n'kutambasula mashuzi awiri kuti akhwekhwereze m'kati mwa habu imene ikuzungulira. Mashuziwo amakhala pa mbale. Tsono tayala likamazungulira limafuna kuikoka mbaleyo kuti izungulire nalo limodzi. Chimene chimaikaniza ndi chitsulo chimodzi, chotalika ngati mkono wa mwana, chomangidwa uku ku mbale, uku ku foloko yakumbuyo. Pa mfundo yake pali bawuti ndi nati, ndipo kumapeto kwa bawutiyo kuli kabowo kolowetsamo kapini kamiyendo iwiri, kamene mmisiri amakapinda miyendo kuti kasatuluke. Kapiniko sikanyamula katundu aliyense. Ntchito yake ndi kuima pakhomo, kuti natiyo, ngakhale itakhwepa ndi kugwedezeka kwa msewu, isapeze potulukira.

Chitsulocho chikavuka, simumva kanthu. Njinga imayenda bwinobwino mpaka nthawi imene mwaifuna buleki. Pamenepo mbale imazungulira limodzi ndi tayala, n'kukulunga kandodo kaja pa ekiselo, ndipo kandodoko pokulungika kamakoka mashuzi mwamphamvu kuposa phazi la munthu aliyense. Tayala limauma pomwepo, ndipo ngakhale mutachotsa phazi, silimasukanso.

Anthu a m'mudzi wapafupi anawanyamula pa njinga zina zamoto, poti china chinalipo n'chiyani, mpaka kuchipatala cha pa vila. Fupa lotulukira kunja silichedwa kulowa matenda, moti mnyamatayu anamutumiza ku Quelimane, ulendo wa makilomita oposa 300. Anakhalako miyezi iwiri, mwendo uli ndi zitsulo. Womudikirira anafunika kudya, ife anafunika mayendedwe okamuona. Mbuzi zinagulitsidwa, soya wa mbewu anagulitsidwa. Chemwali anga phewa linapola mokhota. Khasu saligwiranso monga kale, ndipo chaka chimenecho theka la munda linasanduka tsala.

Koma chimene chinandiopsa koposa chinachitika kumudzi. Njinga yatsopano, yongochokera ku sevisi, ingagwe bwanji pamalo opanda galimoto, kunja kukuwala? Anthu anadziyankha okha. Ati alipo amene sanakondwe kuti mwana wa mayi wamasiye wagula mota. Mbuzi zija ati sizinali mbuzi. Maso onse analoza kwa agogo ena oyandikana nawo munda, amene anakanganapo ndi chemwali anga za malire, ndipo anyamata anayamba kunong'onezana zokawaotchera nyumba. Ndinapempha anyakwawa kuti anthu adekhe masiku awiri okha, ndikaionetse kaye njingayo kwa munthu wodziwa.

Ndinaitengera kwa mmisiri wina wachikulire amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango, kunja kwa vila. Anaphunzira ntchito pa mathirakitala a ku minda ya tiyi nkhondo isanabwere, ndipo salola kuti munthu amufulumize. Anagwada, anayang'ana nthawi yaitali osakhudza kanthu. Kenaka anandikodola.

"Achimwene, taonani apa. Chitsulo chikathyoka chimasiya bala. Bowo limang'ambika, kapena bawuti imatsala chitsa. Apa mabowo ali bwinobwino. Palibe chathyoka. Nati inamangidwa ndi zala, pini sanaikepo, yotsalayo inali ntchito ya msewu."

Analoza mbali ina ya chitsulo chomwecho, imene sinakhudzidwepo chichokereni ku fakitale: kapini kanali pomwepo, miyendo yake yopindidwa bwino. Analozanso nati yaikulu ya ekiselo. Nayonso inalibe pini.

Ndinamupempha kuti apite nane kumudzi. Anakafotokoza pabwalo, chitsulocho chili m'manja, chikudutsa kwa munthu uyu ndi uyo, ndipo nyumba ya agogo aja inapulumuka. Mpaka lero ndimaganizira agogo ena, m'midzi ina, amene analibe mmisiri wowalankhulira.

Pobwerera anandionetsa zina pa njinga yomweyo. Tcheni chinali chokokedwa ngati nsambo ya gitala. Tcheni chabwino, mukachikankha ndi chala pakatikati pa masipuloketi awiri, chiyenera kusewera masentimita 2 kapena 3. Chikauma chimadya mabelingi ndipo chimatha kuduka njinga ikalemedwa pa bampu. Chikalendewera chimavuka n'kukola tayala. Kakilipu kolumikiza tcheni kali ndi mutu ndi miyendo, ndipo mutu ndiwo uyenera kutsogola kumene tchenicho chikupita. Koma chimene chimamukwiyitsa kwambiri mkuluyu ndi cha mashuzi. Mashuzi akatha, m'malo moika atsopano, amakaniko ena amazula kamkono ka buleki n'kukasuntha dzino limodzi kapena awiri kuti buleki izigwiranso. Mwini njinga amachoka akuyamikira kuti amuchitira zotchipa. Pamene kachitsulo kotambasula mashuzi kamakhala katafika kale pamapeto pake, ndipo tsiku loponda mwamphamvu kamatha kupitirira n'kukanirira, buleki osabwereranso. "Amenewo sakonza njinga," anatero. "Amangoisungira ngozi tsiku lina."

Ku sitolo ndinapita ndekha. Mwini wake anandipatsa mpando, anapepesa za ngoziyo, ndipo ndikukhulupirira kuti chisoni chake chinali chenicheni. Koma nditatulutsa chitsulo chija, nkhope inasintha.

"Abambo, masiku atatu ndi ambiri. Mukudziwa bwanji kuti sanapite nayo kwina? Lisiti la sevisi lili kuti?"

"Lisiti simunamupatse."

"Za ulere sitilemba. Komanso anyamata anuwa mukuwadziwa. Matumba atatu pa kaliyala, anthu anayi pa chishalo, liwiro ngati akuthamangitsidwa. Zikavuta, wolakwa ndi wa sitolo."

Zina mwa zimene ananenazo ndi zoona, ndipo sindizikana. Ndawaona anyamata oyendetsa opanda laisensi, ena ataledzera, ena atamasula dala buleki yakutsogolo poti amaiopa, pamene mphamvu yambiri yoimitsira njinga yamoto ili kutsogoloko. Ndawaonanso oyendetsera anzawo, amene mwini njinga amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, moti ola limodzi la pagalaja amaliona ngati kuba. Koma zoona zimenezi ndi momwe osasamala amabisalamo. Popeza aliyense akudziwa kuti akabaza amathamanga, ngozi iliyonse timaikolowekera pa liwiro, ndipo palibe amene amagwada kuti aone kunsi kwa njinga.

Tili mkati molankhula, maso anga anagwera pa chitini cha mkaka chimene chinali pa benchi ya zida, chitatsala pang'ono kudzaza. Munali mawashala, timanati, ndi mapini ambirimbiri, akuda ndi gilizi ndi fumbi lofiira la misewu yathu. Pini yochotsedwa siyenera kubwereranso, imafuna yatsopano, choncho kutaya yakale si mlandu. Ndinafunsa kuti paketi ya mapini atsopano ili kuti. Anyamata anayang'anana. M'sitolo monsemo munalibe ngakhale imodzi. Ndiye kuti kapini kalikonse m'chitinimo kanasiya bowo lopanda kanthu pa njinga ya munthu, ndipo njingazo zinali pamsewu nthawi yomweyo, zitanyamula ana asukulu ndi amayi apakati. Ndinaleka kutsutsana naye. M'mawondo munandizizira.

Muzu wa nkhaniyi suli patali. Sitolo imapeza phindu pogulitsa njinga, osati poikonza. Sevisi yaulere ndi nyambo yokopera wogula, ndipo ndalama ikangolowa, njinga yobwerera imasanduka chipsinjo. Amaipatsa wamng'ono pa onse, amene sanaphunzitsidwe, ndipo palibe wamkulu amene amadutsamo pambuyo pake. Sipanala yoyeza mphamvu ya kumanga, imene imalira ikafika pa muyezo wa m'buku, simungaipeze m'magalaja ambiri a kuno. Muyezo ndi mkono wa womangayo, ndipo mkono wa mwana wotopa, wanjala, amene abwana akumukalipira kuti afulumire, sungadaliridwe.

Malamulo alipo. Ku Mozambique kuli lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, ndipo kuli bungwe la boma lolandira madandaulo okhudza amalonda. Ku Malawi kuli Competition and Fair Trading Commission. Koma dandaulo lopanda umboni silipita patali, ndipo funso loyamba lidzakhala lomwe lija anandifunsa mwini sitolo: pepala lili kuti? Abale a ku Malawi amene amagula njinga kuno n'kuidutsitsa njira zachidule, yopanda mapepala, yopanda nambala, adziwe kuti pothawa msonkho adzitsekanso pakamwa. Ikadzawapweteka, alibe kokadandaula.

Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ku Africa kuno ndi kumene imfazi zachuluka koposa. Ku Malawi madokotala a mafupa pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe akhala akudandaula kuti mawodi awo adzaza ndi ovulala pa kabaza. Bungwe lomwelo limati helimeti yabwino, yomangidwa bwino pachibwano, imachepetsa chiopsezo cha imfa kuposa kasanu ndi kamodzi. Ine yong'ambika ija ndili nayo m'nyumba, ndipo chemwali anga ali moyo. Umboni wina sindiufuna. Valani, ndipo wokwera wanu mumuveke yake. Koma helimeti imathandiza munthu atagwa kale. Kapini kamaletsa kugwako.

Tsono inu amene muli ndi njinga, kapena mukusunga ndalama kuti mugule, ndikupemphani chinthu chimodzi chachikulu: musachoke. Akakuuzani kuti kazungulireni kumsika, pemphani chitsa mukhalepo. Funsani mwaulemu chimene akumasula, ndipo werengani ndi maso anu timapini ndi timawashala timene akuika pansi. Ngati alibe pini yatsopano, kaguleni nokha. Mtengo wake ndi wa mandasi. Msomali wopinda kapena waya ungakufikitseni kunyumba, koma usagonerepo. Akati asintha mashuzi, akale akuonetseni. Akati athira oyilo, muone botolo lake likutsegulidwa, ndipo likhale la njinga yamoto, chifukwa oyilo wina wa galimoto amaterereretsa kilatchi. Pepala alembe, ngakhale la m'kope: tsiku, makilomita, ntchito imene agwira, ndi dzina la amene waigwira. Mmisiri wabwino sakwiya ndi zimenezi. Wa pansi pa mango uja amachita kukuitanani kuti mudzaone. Amene wakwiya, mtengereni njinga yanu kwina.

Ndipo musanakweze munthu, iyeseni nokha. Injini ikulira, pindani mahandulo mbali zonse ziwiri. Ikakweza yokha mawu, ndiye kuti kebulo ya moto yadutsa polakwika, ndipo idzakuthamangitsani pakona. Gwirani buleki yakutsogolo payokha, yakumbuyo payokha, mukuyenda pang'onopang'ono. Mukayenda makilomita awiri atatu, imani, suzumirani kunsi kwa injini ngati bawuti yotulutsira oyilo ikudontha, pakuti oyilo wodonthayo amapita molunjika ku tayala lakumbuyo. M'mawa mwake muonenso, ndi mkuja. Nati yomangidwa ndi zala sivuka tsiku lomwelo. Yathu inadikira masiku atatu, n'kusankha tsiku limene inanyamula mayi ndi mwana wake.

Mwana wa chemwali anga akuyenda tsopano, motsimphina. Njinga inagulitsidwa kuti tibweze ngongole za ku Quelimane. Sitolo sinapereke kanthu.

Tsiku lija, nditatuluka m'sitolomo, ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali mnyamata wophunzira ntchito uja, kabudula wakuda ndi oyilo, manja kumbuyo. Anadikira kuti tikhote pakona, pamene abwana ake sakanationa.

"Abambo, achimwene aja ali bwanji?"

Ndinamuuza zoona zake, za fupa, za zitsulo, za phewa la amayi ake. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Ndinali nditasunga mawu ambiri aukali, koma ndinaona milomo yake ikunjenjemera.

"Ine ndimayesa timapini tija n'tongokongoletsa," anatero. "Timavuta kubwezera, ndiye akuluakulu amangoti ponya m'chitini. Kodi ntchito yake kwenikweni n'chiyani?"

Pafupi pomwepo panali njinga itaimikidwa pakhonde la wogulitsa petulo wa m'mabotolo. Ndinapempha mwini wake, tinagwada tonse awiri pafumbi, ndipo ndinayamba kumuonetsa monga anandionetsera mmisiri uja, kuyambira pa chopondera, kutsata kandodo, mpaka pa mbale. Titafika pa bawuti ya chitsulo chija, mnyamatayo anaika chala pa kabowo. Namonso munalibe pini, ndipo nati inazungulira atangoikhudza. Anauza mwini njingayo kuti asalize injini, n'kuthamangira ku sitolo kukatenga sipanala.